Potulira Nkhuni pa Mlatho Wakale

Ntchito ya pamlatho ndinaipeza chifukwa ndimalemba manambala ooneka bwino. Kapitawo anatiimika anthu asanu, natipatsa thumba la simenti lopanda kanthu ndi khala, n'kutiuza kuti aliyense alembe kuyambira wani mpaka twente. Anayang'ana, analoza ine. Zaka ziwiri zomwe ndinakhala ku Chirunga zinandipatsa zimenezo basi. Kumeneko ananditulutsa nditalephera mayeso kawiri, ndipo ndinabwerera kwa amayi ndi chikwama chimodzi ndi ketulo yamagetsi, kunyumba yopanda magetsi. Miyezi isanu ndi itatu ndinkagona masana. Sindinkadwala, sindinkamwa mowa. Ndinkangogona.

Mlathowo uli pamsewu wokwera kuphiri, ukangopitirira nyumba zakale za boma zija za madenga ofiira. Ndi wamiyala, wa khomo limodzi lopindika ngati uta, wopapatiza moti galimoto ziwiri sizidutsanapo. Amati anaumanga atsamunda, koma miyalayo anasenza ndi azigogo a anthu ena. M'mbali zonse ziwiri muli timakoma tofika m'ntchafu, ndipo pangodya zinayi pali zipilala zofika m'chiuno. Mvula ya mkuntho itagwa, madzi anakumba kunsi, khoma limodzi linang'ambika, msewu n'kutsekedwa, magalimoto n'kumazungulira njira ina. Ambiri tinkaganiza kuti augumula n'kuika wa konkire ngati ina yonseyi. Koma akuluakulu anati ukonzedwe osasintha nkhope yake. Mwala uliwonse wa timakoma ndi zipilala unayenera kuchotsedwa, kulembedwa nambala, kuikidwa pambali, ndiye akalimbitsa kunsi ndi pamsana pa mlatho, ubwezedwe pamalo pake penipeni. Ine ndinali wa penti, bulashi ndi buku.

Wondiyang'anira anali mmisiri wachikulire wa ku Songani. Ankakwera minibasi mpaka m'tauni, n'kukwera chitunda wapansi, koma ankafika ife apafupi tisanafike. Atamva kumene ndinachokera anayamba kunditchula pulofesa, ndipo dzinalo linakhazikika.

"A pulofesa, mwala uli ndi nkhope ndi msana. Nambala yanuyo muziilemba kumsana. Mukandilembera pankhope, pentiyo munyambita ndi lilime lomwe munkalankhulira Chingerezi."

Sindinaseke. Iwo sanasamale, ankaseka okha.

Ntchito yake inandiyenera. Mmisiri ankagoba dothi lakale la pakati pa miyala, anyamata awiri n'kunyamula mwalawo, ine n'kulemba kumsana kwake: khoma liti, mzere wachingati, mwala wachingati. Kenako ndinkaujambula m'buku, ndi kamuvi kolozera mbali yoyang'ana kumwamba. Simenti anailetsa pa miyala imeneyi. Anati tidzamangira laimu ndi mchenga monga anachitira akale, chifukwa simenti imauma gwa n'kumaswa mwala m'malo mousunga. Zimenezi ankazifotokoza mokoma, ine ndinkangomva. Mwala, nambala, buku. Tsiku linkatha ndisanaganize kalikonse, ndipo ndicho ndinkafuna.

Amayi anga amasenza nkhuni kuchokera kuphiri. Anayamba ine ndisanabadwe. Amanyamuka m'bandakucha, amakwera maola awiri, amatola nthambi zouma za paini zomwe ocheka matabwa asiya, amamanga mtolo wautali kuposa chitseko, n'kutsika nawo kukagulitsa kwa okazinga tchipisi kumsika. Mtolo wotere munthu sadzitwika yekha. Kumtunda amatwikana ndi anzawo. Koma potsika aliyense amayenda liwiro lake, ndipo amayi, pokhala aakulu pa onse, amatsalira m'mbuyo. Ukautula pansi uli wekha ndiye kuti wakhala. Uyembekeze munthu wodutsa wokoma mtima, kapena uumasule n'kusiya theka m'tchire.

Kanjira ka osenza nkhuni sikatsata msewu. Kamatsetsereka m'nkhalango n'kudzatulukira pambali pa chipilala cha kumtunda, cha kudzanja lamanzere. Pamenepo mapazi ndi madzi a zaka zambiri anakumba dzenje lalitali ndithu, moti munthu wamkazi akaima m'menemo, mutu wake umalingana ndi mwala wapamwamba wa chipilala. Ndiye ankachita chonchi: amalowa m'dzenjemo, kutsogolo kwa mtolo amakukhazika pamwalawo, kumbuyo kumatsamira pachitunda chomwe wachokera, iye n'kupinda mawondo pang'ono n'kutulukamo. Mtolo umatsala m'mwamba. Akapuma, akamwa madzi, amalowanso pansi pake, n'kukonza nkhata, n'kuwongola mawondo, ulendo. Popanda womuthandiza. Palibe anakonza malo amenewo kuti akhale otero. Anangokhala otero, ndipo amayiwo ankawatchula kuti potulira.

Kuchokera kumtunda mpaka kumsika, amayi ankapuma pamenepo pokha. Khosi lawo linali litayamba kale kuvuta. Dzanja lamanzere linkachita dzanzi mpaka kuzala. Kuchipatala anawauza kuti asiye kusenza, iwo anathokoza n'kubwerako, m'mawa mwake n'kukwera phiri.

Injiniya wa ntchitoyo anali mzimayi wa ku Blantyre, wovala nsapato zazitali za matope, yemwe ankabwera kawiri pa sabata. Mapepala ake a mapulani ankawasiya m'kashedi ka malata momwe ndinkasungamo penti. Tsiku lina mvula ikuwaza ndinawatambasula, osati pofuna kudziwa kanthu, koma chifukwa panalibe china choyang'ana. Sindinaphunzire za zomangamanga, koma pepala ndimatha kuliwerenga. Pambali pa chipilala cha kumtunda chija anajambulapo ngalande, ndipo pamwamba pake analembapo kuti akwirire ndi miyala ndi konkire mpaka palingane ndi msewu. Chifukwa chake chinalembedwa pomwepo: madzi otsika ndi kanjira kaja ndiwo ankadikha m'dzenjemo n'kumadya maziko a khoma. Zinali zoona.

Madzulo ndinawauza amayi akudzitikita khosi ndi nsalu yoviika m'madzi otentha. Ndinawauza ngati mmene ungauzire munthu kuti mchere watha.

"Akwirira? Nanga ife tizitulira pati?"

Ndinati sindikudziwa, ine ndimapenta manambala.

Amayi anati amva kuti Lachinayi kuli msonkhano pamlatho, wakuti anthu apafupi akanene maganizo awo. Iwo ndi anzawo sakanapita. Msonkhanowo unali wa teni koloko, nthawi yomwe amakhala ali kumtunda, komanso osenza nkhuni sayandikira pomwe paima magalimoto a boma, chifukwa si tsiku lililonse lomwe aliyense amakhala ndi kachiphaso kotolera nkhuni.

"Iwe uli komweko, ndipo kulankhula ndi anthu otero umadziwa. Usakachulutse mawu. Ukangoti amayi a nkhuni amaima m'munsi muja, asatikwiririre."

Ndinati chabwino.

Lachinayi ndinatumidwa kuyala mipando ya pulasitiki pansi pa mtengo. Kunabwera anthu a m'maofesi, ogulitsa sitiroberi ndi mbatata m'mbali mwa msewu, a kabaza angapo, ndi abusa awiri. Kenako kunaima basi, ndipo munatuluka ophunzira a ku Chirunga ndi mphunzitsi wawo, atabwera kudzaona mmene chinthu chakale chimasungidwira. Atatu mwa iwo ndinalowa nawo chaka chimodzi. Wina ndinkagona naye chipinda chimodzi. Anandiona ndili ndi mipando inayi pamutu ndi penti m'zikhadabo.

"Aise, uli kuno? Tinkati unapita ku Joni."

Ndinati ndili kuno. Anati zili bwino, bola kugwira kanthu, n'kundigwira paphewa ngati pamaliro.

Mphunzitsiyo analankhula nthawi yaitali. Anati mlatho si miyala chabe, ndi chikumbukiro cha anthu. Ophunzira analemba zimenezo m'mabuku. Ine ndinaima kumbuyo, pafupi ndi wilibala. Ndinkadziwa mmene misonkhano yotere imayendera, kapena ndinkaganiza kuti ndikudziwa: zonse anagwirizana kale ku Blantyre, apa abwera kudzajambula zithunzi kuti aoneke kuti anafunsa anthu.

Injiniya ataimirira sanachulutse. Anafotokoza zomwe zichitike, n'kunena kuti pepala lake limadziwa miyala ndi madzi, koma anthu siliwadziwa. Anafunsa ngati pali chilichonse chomwe anthu amachita pamlathowu chimene iye sangachione pobwera kawiri pa sabata. Bambo wina wogulitsa sitiroberi anaimika dzanja. Anati kumunsi kwa mlatho kuli mwala wafulati pomwe amayalapo mbale zawo, ndipo akuopa kuti ngalande yatsopano idutsa pamenepo. Anthu anaseka. Injiniya sanaseke, analemba. Wa kabaza anafunsa za pokhotera. Analembanso. Kenako anayang'ana uku ndi uku, mpaka kumbuyo komwe tinaima ife antchito, n'kufunsa ngati pali wina.

Mawu ndinali nawo, achidule ngati mmene amayi ananenera. Kuti ndiwanene ndinayenera kuimika dzanja lopaka penti pamaso pa anthu atatu aja, n'kufotokoza mmene ndikudziwira kutalika kwa mutu wa mzimayi wosenza nkhuni. Ndinadziuza kuti ngakhale ndinene sasintha kanthu. Sindikudziwa kuti pa ziwirizi chinandigwira pakamwa ndi chiti. Sindinamve mantha kapena manyazi oti ndingawaloze. Ndinangoima, nthawi n'kudutsa, abusa n'kutseka ndi pemphero, ine n'kuyamba kusonkhanitsa mipando.

Amayi atandifunsa madzulo ndinati ndanena. Anafunsa kuti ayankha chiyani. Ndinati alemba. Anati Mulungu adalitse, n'kundiwonjezera ndiwo.

Malo onse ogwirira ntchito anawatchinga ndi malata, ndipo oyenda pansi anawakonzera kamlatho ka matabwa chakumunsi. Miyezi imeneyo osenza nkhuni sanavutike, chifukwa pakamlathopo sipankasowa mwamuna. Anyamata osakaniza mchenga ankawatula ndi kuwatwika, n'kumawaseka kuti alipire ndi nkhuni imodzi. Mmisiri akaona amayi anga akubwera ankasiya nyundo n'kupita okha. Ankadziwa kuti ndi amayi anga. Ankawauza kuti mwana wawo ndi waulesi pakamwa koma manambala ake ndi a m'Baibulo, iwo n'kumasangalala. Ine ndinkapitiriza kulemba. Nthawi zina ndinkakweza dzanja.

Patapita masabata atatu ndinaona kuti pepala la mapulani lasintha. Ngalande ya kumunsi anaikhotetsa kuti ilambalale mwala wa ogulitsa sitiroberi. Ndinaliyang'ana kanthawi, n'kulipinda, n'kulibwezera pomwe linali.

Chipilala cha kumtunda tinachichotsa pomaliza. Mwala wake wapamwamba unali wosiyana ndi itatu inayo. Ina ija inali yokhakhala, ya ndere. Uwu unali wosalala, wakuda ndi utomoni wa paini, ndipo mbali imodzi inali yodyeka ngati mphero. Mnyamata wina anabwera ndi bulashi yawaya kuti autsuke, mmisiri n'kumulanda. Injiniya analipo tsiku limenelo. Anagwada, anausisita, anaujambula ndi foni, n'kufunsa chomwe chinaudya chonchi. Mmisiri anati ndi amayi a nkhuni, amatsamiritsapo mitolo yawo. Injiniya anakondwa kwambiri. Anati zimenezi ndiye zofunika kusunga, mwala umenewu usatsukidwe, ubwerere momwemo, mbali yodyekayo iyang'ane komwe inkayang'ana, kuti amayiwo adzapitirize monga kale. Anatembenukira kwa ine n'kuti ndilembe zimenezo m'buku.

Ndinalemba. Ndinkadziwa kuti nkhani si mwala, nkhani ndi pansi pomwe munthu amaponda. Mmisiri ankadziwa za dzenje koma mapepala sankawerenga. Injiniya ankadziwa pepala koma sanaonepo mtolo ukutulidwa. Amene ankadziwa zonse ziwiri ndinali ine. Koma kunena tsiku limenelo kunali kuvomera kuti pamsonkhano paja ndinakhala chete, ndipo madzulo ake kukawauza amayi kuti ndinawanamiza. Ndinajambula kamuvi, n'kutseka buku.

Lori ya miyala inabwera Lolemba lina. Pofika Lachitatu ngalande inali itayalidwa, dzenje litakwiriridwa, konkire atathira pamwamba n'kusalaza. Chitunda chakumbuyo chija anachisema n'kumangapo masitepe asanu abwino, kuti otsika m'kanjira asamaterereke. Mmisiri anali kutsidya masiku amenewo, akubwezera khoma la kumunsi. Atabwera kudzayamba chipilala anaima pakonkirepo, n'kuyang'ana pansi, n'kuyang'ana masitepe.

"A pulofesa, mapepala aja mumawawerenga?"

Ndinati nthawi zina.

"Izi zinalembedwamo?"

Ndinati eya.

"Kuyambira liti?"

Ndinati kuyambira pachiyambi. Sanandikalipire. Anatenga chingwe chawo n'kuyamba kuyeza, n'kundiuza kuti ndibweretse mwala woyamba wa mzere woyamba. Tsiku lonselo sananditchule pulofesa. Ankangoti, wachiwiri, wachitatu.

Chipilala chinabwerera bwino. Ndinene zoona, ntchito yonse inatuluka bwino. Ukaika chithunzi chakale pambali pa mlathowo sungaloze kusiyana, kupatula kuti ming'alu palibe. Palibe mwala unasowa, palibe unatembenuzidwa. Nambala zanga zonse zili m'kati mwa khoma, momwe sadzaziona munthu. Mwala wakuda uja uli pamwamba pa chipilala chake, mbali yodyeka ikuyang'ana kuphiri, ndipo umafika m'chiuno mwa aliyense woima pambali pake.

Malata anawachotsa Lachisanu m'mawa, kamlatho ka matabwa n'kukaphwasula. Mwambo wotsegulira unali wa sabata yotsatira, koma oyenda pansi anawalola kudutsa. Ife tinkasesa ndi kulongedza zida. Atsikana a nkhuni anayamba kutulukira cha m'ma leveni. Woyamba anatsika masitepe, anaima, anayang'ana chipilala, anatukwana pang'ono n'kupitirira. Ena awiri anatulana, n'kutwikana, n'kupita. Iwo ali ndi makosi.

Amayi anatulukira patapita theka la ola, ali okha. Ndinali kutsidya ndi tsache. Anatsika masitepe cham'mbali, phazi limodzi limodzi, chifukwa mtolo wautali pamasitepe umagunda kumbuyo. Atafika pansi anayenda molunjika pachipilala monga mwa masiku onse, maso ali pansi, n'kuima. Kutsogolo kwa mtolo kunali m'mwamba, kutali ndi mwala. Anapinda mawondo pang'ono, ngati thupi lachita lokha. Anawongokanso. Anayesa kuweramitsa mtolo kuti ufike pamwala, koma unayamba kutsetsereka pankhata, ndipo anaugwira ndi dzanja lamanja lokha, lamanzere lili lende. Mmisiri ndi amene anathamanga. Ine ndinafika iwo atawatula kale.

Amayi anakhala pakakhoma, akupuma ndi pakamwa. Injiniya anali pomwepo ndi kapitawo, akuyendera ntchito komaliza. Anabwera, anawapatsa moni mwaulemu, n'kuwafunsa ngati ali m'gulu la amayi omwe amagwiritsa ntchito mwala uja. Anawaonetsa kuti sunatsukidwe. Amayi anayamika. Anati mlatho wakongola, manja a anthu agwira ntchito. Kenako, mwaulemu womwewo, anati akudziwa kuti madzi ndi ovuta ndipo a boma sangamvere aliyense, koma pempho lawo lija la dzenje akanalimvera pang'ono pokha, ngakhale kusiya kachibowo koimamo munthu mmodzi.

Injiniya anafunsa kuti pempho liti.

Amayi anafotokoza. Anaimirira n'kusonyeza ndi manja: apa mutu, apa mwala, apo chitunda. Anati mwana wawo ananena zimenezi pamsonkhano, ndipo zinalembedwa. Analoza ine.

Injiniya anandiyang'ana. Anatsegula kabuku kake n'kubwerera m'mbuyo masamba ambiri, ngakhale ndikuganiza kuti ankadziwa kale kuti mulibe. Anawerenga chamumtima, n'kutseka.

"Mayi, pepani. Zimenezi sizinandifike. Zikanandifika, ngalande ikanadutsa chakuno, malo oimapo tikanawamangira ndi miyala. Sizinali zovuta."

Amayi anafunsa ngati sizingatheke tsopano. Injiniya anati pansi pa konkirepo pali mapaipi, ndipo maziko atsopano a chipilala amangiriridwa pomwepo, kuswa ndiye kuyambiranso ngodya yonse. Anati ntchito yatsekedwa, koma alemba m'lipoti, mwina m'tsogolo. Ananena mosabisa kuti sakulonjeza. Sanandifunse kalikonse pamaso pa amayi. Pochoka anangondiuza kuti buku ndikalisiye m'galimoto.

Amayi anapinda nkhata yawo n'kuiika pamutu. Mmisiri anagwira kutsogolo kwa mtolo, ine kumbuyo, tinawatwika. Sindinkadziwa kuti umalemera choncho. Zaka zonsezo ndinali ndisanaunyamulepo.

Kunyumba sanandifunse chifukwa. Ndinkayembekezera kuti afunsa, koma sanafunse. Anaphika, tinadya. Akutsuka mbale anati:

"Ukanangondiuza kuti walephera. Ndikanajomba tsiku limodzi n'kupita ndekha. Chichewa amamva mayi uja."

Ndinati eya.

"Ntchito yatha eti?"

Ndinati yatha.

"Ndimafika pamlatho paja dzuwa lili apa." Analoza ndi dzanja lamanja.

Ndinayamba kupita. Ndinkafika cha m'ma leveni n'kukhala pakakhoma. Magalimoto a alendo ankaima, anthu n'kutsika kudzajambulitsa, ena n'kundipempha kuti ndisunthe pang'ono ndisalowe m'chithunzi. Ndinkasuntha. Amayi akatulukira ndinkagwira mtolo, tinkautsitsira pachipilala ndi pasitepe, iwo n'kukhala pansi mphindi khumi. Sitinkalankhula zambiri. Ankandiuza ngati kumtunda kuli nkhungu, kapena kuti ocheka matabwa asamukira kutali. Kenako ndinkawatwika n'kubwerera kukagona. Ndinawauza kamodzi kuti ndiwasenzere mpaka kumsika. Anakana. Anati khosi losazolowera limathyoka, ndipo sanandiphunzitse sukulu kuti anthu a kumsika andione ndi nkhuni pamutu. Amayi ena awiri achikulire anazolowera kundipeza pamenepo, nawonso ndinkawatula. Mmodzi ankandipatsa nthochi.

Ndinachita zimenezo masabata asanu. Tsiku limodzi ndinagona mopitirira. Nditafika ndinapeza mtolo atautula okha, kapena unawagwa, sananene. Chingwe chinali chitaduka, nkhuni zili mbwee pamasitepe, iwo akuzitola ndi dzanja limodzi. Anangoti ndigwire uko.

Sabata yachisanu ndi chimodzi mmisiri anatuma uthenga. Anapeza ntchito yomanga makalavati kupitirira Songani, ya miyezi inayi, yogonera komweko, ndipo ankafuna munthu wodziwa kuwerenga pepala. Anawonjezera kuti akufuna wowerenga mokweza. Ndinawauza amayi, n'kunena kuti ndikhoza kukana. Sindikudziwa ngati ndinkanena zoona.

Anati ndisapange zopusa. Anati mwamuna wa zaka makumi awiri ndi zitatu sangakhale pamlatho kudikira nkhalamba. Ndinafunsa kuti nanga azitula bwanji. Anati aona.

Ndinapita. Ndinkabwera kunyumba pakutha pa mwezi. Ulendo woyamba ndinafika Loweruka masana, ndipo ndinakumana nawo pamsewu wa kumsika akutsika. Mtolo unali waufupi, wonga wa mwana wa sukulu, woti munthu akhoza kudzitwika yekha atagwada. Okazinga tchipisi safuna wotere, amafuna nkhuni zazitali zokhalitsa pamoto, choncho anali atayamba kugulitsa khomo ndi khomo kwa aliyense wofuna zophikira tsiku limodzi. Nyumba ina ankalowa, ina ankabwezedwa pageti. Ndinayenda nawo mpaka anagulitsa, kuseri kwa chigayo, cha m'ma thili koloko. Pobwerera anandifunsa ngati ku Songani amatipatsa chakudya chokwanira, ndipo ndinati amatipatsa.